Malimu Anayi

Loweruka m'mawa, dzuwa lisanayambe ukali,
Sienta ndaikweza pa njerwa kuseri kwa nyumba
kuno ku Ntagaluka.
Jeke ndi wa Che Liwanda, akumufuna pofika madzulo.
Nati imodzi yakana kumasuka,
ndachita kuponda sipanala ndi chidendene
mpaka yalira ngati chitseko cha malata.

Malimu anayi agona chagada pa matumba a simenti.
Sopo wa ufa, burashi yochapira jinzi,
madzi a pa mjigo amene Asiyatu amati ndi ophikira.
Matope achoka.
Chatsala ndi dzimbiri ndi zipsera.

Chachitali ichi ndikuchidziwa:
ndinakhula khoma pa geti la chipatala
usiku umene Shakira anabadwa,
maso ali kumpando wakumbuyo m'malo mwa kutsogolo.
Popindika apa ndi pa Chowe,
anthu asanu ndi anayi, matumba atatu a nandolo,
ndi dzenje limene dzulo lake panalibe.
Ichi sindichikumbuka.
Kapena ndi cha mwini wake woyamba, kutsidya kwa nyanja zamchere,
munthu amene sanalaweko fumbi la ku Namwera.

Sandipepala wokhakhala ayambe, wosalala atsirize.
Khwe, khwe, khwe.
Nsonga za zala zikuyaka ngati ndatswa tsabola.
Fumbi lofiira m'zikhadabo, m'mphuno,
malovu akumveka chitsulo.
Nkhuku yabwera kudzaona, yapendeketsa mutu, yapita.

Asiyatu ali pakhonde, akusankha mpunga.
"Mbuzi yopita kumsika saisambitsa," watero osadzutsa mutu.
Sindinayankhe.
Wogula akuchokera ku Liwonde Lolemba,
ndipo ngongole siyang'ana kuti nyumba ino munadwala ndani.
Koma sindingampatse galimoto ya mapazi ong'aluka
ngati kuti inkakhala kwa anthu osaisamala.

Ndang'amba kope lakale la masamu,
mapepala ndasomeka pakati pa tayala ndi limu, kuzungulira,
tayala lavala mkanda wa mayankho olakwa.
Kachitini ndakakhutchumula, kamwala kam'kati kakugogoda.
Mnyamata wa pa hadiweya anati:
musayandikize, musathamange,
pang'ono katatu kuposa kwambiri kamodzi.

Wotuwa ayambe.
Fuuu, dzanja lidutse. Fuuu, libwerere.
Kenaka kudikira,
ntchito imene sindinaiphunzire pa siteji,
pomwe wodikira amalandidwa pasinjala.
Azana ya masana yandipeza nditakhala pa ndowa,
ndikuthamangitsa ntchentche ndi chipewa.

Wasiliva.
Loyamba latheka, lachiwiri latheka.
Lachitatu ndapupuluma, penti wayenderera ngati mamina a mwana.
Ndatukwana chapansipansi,
ndadikira aume, ndakhulanso, ndayambiranso.
Lachinayi ndi la chipsera cha kuchipatala lija.
Dala sindinachikhule mpaka pansi;
pansi pa siliva chikuonekabe, ukachidziwa pomwe chili.

Tsopano onse anayi atsamira khoma,
akuwala ngati mbale za pa ukwati.
Ndabwerera mmbuyo mapazi asanu kuti ndione bwino,
ndipo mpomwe Shakira watulukira, wa mango kukamwa,
wafika, wagunda ndi chala chachikulu,
kufuna kudziwa ngati kuwalako n'kozizira.

Chidindo cha chala, mizere yonse yooneka,
pafupi ndi bowo la nati.
Wandiyang'ana, milomo yayamba kunjenjemera.
M'chitini penti watsalamo, ndikumumva ndikagwedeza,
sandipepala ali pomwepo pansi.

Ndamupukuta chala ndi malaya anga.
Ndati pita ukasambe.

Lolemba munthu wa ku Liwonde adzazungulira galimoto,
adzamenya matayala ndi nsapato, adzadandaula za mtengo.
Sadzawerama.
Ndipo chala cha mwana wanga chidzayenda misewu
imene ine sindidzaidziwa,
chikuzungulira, chikuzungulira,
mpaka matope a dzinja adzachikwirire.