Fotokope pa Ginnery Corner

Makina a Felesiya sadziwa chisoni.
Ndawapatsa pepala la malikisi anga a digiri,
andibwezera atatu, onse ofunda,
ndipo 42 wa kemisitiri wa chaka chachiwiri
watuluka wakuda bii kuposa dzina langa.
"Inki ndi yatsopano," akutero Felesiya monyadira.

Pa fomu ya sukulu ya udokotala pali kabokosi ka giredi,
kakang'ono ngati chikhadabo cha khanda.
Ndalembamo 2.3.
Yakwanamo, malo n'kutsalako.
Chimene chakana kulowamo ndi chaka chija.

Ndikanatha kuloza chala ku Gulupu:
miyezi inayi pansi pa bedi la mlongo wanga Sautso,
chitenje pasimenti, buku la maselo kumutu,
kuwerenga madontho a diripi m'malo mwa manotsi.
N'zoona zimenezo.
Koma Sautso anatuluka mu Juni akuyenda yekha,
pomwe 47 uyu ndi wa mu Novembala.
Ameneyu ndi wangawanga.
Ndinkagona mpaka dzuwa paliwombo,
ndinkatsata mnyamata wina woimba kiyibodi
amene lero sindikumbuka ngakhale nambala yake.
Kalata yodzifotokozera ndailemba kanayi.
Katatu ndinabisala kumbuyo kwa matenda a Sautso.
Kachinayi ndamusiya mwana wa mayi anga apume.

A Makwinja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi:
"Inu munali m'kalasi mwanga?"
Ndinalimo, kumbuyo, pazenera losweka lija.
Anandilembera umboni wa mizere itatu.
Mzere wina ndi deti.

Zaka zisanu tsopano ndili m'kalabu ka ku Ndirande.
Magetsi akathima ndimakokera maikulosikopu pazenera
n'kupeza tizilombo ta malungo ndi dzuwa lokha.
Lachiwiri lapitali anabwera ndi mwana wouma ngati nsomba yapathandala,
anamwino awiri atalephera,
mtsempha ndinaupeza ine, kuseri kwa kachikhatho,
amake atatembenukira kukhoma.
Ndafufuza fomu yonse, tsamba ndi tsamba,
kabokosi ka zimenezo palibe.

Amayi, ali pakati pa mabelo awo a kaunjika ku Limbe,
anati, "Uli kale pantchito, ukufunanso chiyani?
Anzako akumangitsa ku Chileka."
Sindinayankhe.
Ndili mu minibasi pa Chichiri foni inanjenjemera:
ndalama yolembetsera yonse, ndi yochotsera yomwe,
popanda mawu ena.

Pamzere patsogolo panga pali kamnyamata ka mapointi sikisi,
kolala yowuma, bambo ake akudikira m'galimoto.
Kakundifunsa ngati ndikuperekera mwana wanga.
Ndaseka.
Sindikudana nako.
Kanawerenga pamene ine ndinkagona,
ndipo tsiku lina kadzafuna wokapezera mtsempha.

Ndikudziwa mmene zimayendera m'chipinda chapamwambacho:
mulu wa maenvulopu, tiyi akuzizira,
chala chikutsika ndi mndandanda wa manambala,
chikafika pa ine mwina sichidzaima n'komwe.
Amene akusankhawo sakulakwa.
Nanenso mayi anga sindingawapereke
kwa munthu wongomvetsa chisoni.
Ndikungopempha kuti chalacho chitsegule tsamba lachiwiri.

"Ponyani m'bokosimo, achemwali," akutero mlonda.
Envulopu yanga yanenepa ndi masatifiketi a timaphunziro ta madzulo,
ikukana kulowa pakamwa pa bokosi.
Ndaipinda pang'ono. Ndaikankha.
Yagwera pa zinzake, phu,
osamveka kuti ndi ya 2.3.

Kunja mitambo yaunjikana pa Soche.
Azimayi odikirira odwala akuanula zitenje pampanda wa chipatala,
kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi,
ngakhale tonse tikuona mipando inayi.
Mawa hafu seveni magazi a anthu adzakhala akundidikira.
M'chikwama mwatsala mafotokope awiri.
Felesiya anati inki imeneyi sifufuma msanga.