Wandifunsa, Marinalva

Wandifunsa uli chikhalire pa sitepe yachitatu,
mimba yafika pachifuwa, mapazi atupa m'mapatapata,
wati, mlamu, usandinamize, chowawa kwambiri n'chiti?
Dikira ndiyanike kaye matewerawa
mvula ya Recife isanatembenuke mtima.

Tainá anadzera njira yake.
Matenda anandiyamba m'basi yobwerera ku Casa Amarela,
ndikuchokera kosita zovala za eni ku Boa Viagem.
Ndinafinya chitsulo cha mpando mpaka zala kuuma.
Usiku wonse, m'mawa wonse, mpaka dzuwa kupendeka.
Ndinatukwana Genivaldo, ndinatukwana amayi ake,
amayi akonso amenewo, undikhululukire.
Ndinaluma pilo wa chipatala, anali kumveka sopo.
Mzamba wamfupi uja, Dona Zuleide,
ankangoti tchima, mwanawe, tchima,
ngati ine ndinali kusungira mphamvu tsiku lina.
Kenako moto pakhomo,
kenako kupepuka,
ndi kanthu koterera, kofunda, kakuti ng'aa pamimba panga.

Ndinang'ambika. Anandisoka ndikuwerenga matabwa a denga.
Koma kutacha ndinayenda ndekha kukasamba,
miyendo tang'a, ngati wotsika pa bulu.
Masabata atatu ndinakhalira thako limodzi,
chimbudzi ndikuchiopa ngati bwalo la milandu.
Mpaka lero ndikafuna kuyetsemula
ndimayamba ndapingasa miyendo. Usaseke, zikubwera.

Otávio anakana kutembenuka.
Anakhala tsonga m'mimba, mutu m'mwamba ngati bwana,
ndiye tsiku lake linachita kulembedwa pa kalendala,
Lachiwiri, naini koloko.
Jakisoni pamsana, miyendo inanditsanzika.
Nsalu yobiriwira pakati pa ine ndi ine.
Kuseri kwake madokotala ankakangana za mpira,
ine ndikungomva kukokedwa, kufufuzidwa,
ngati munthu akusaka makiyi m'chikwama
koma chikwamacho ndi ineyo.
Sindinamve kuwawa. Mano okha ndiwo ankagundana.
Anandionetsa mwana pamwamba pa nsalu
ndipo ndinalibe manja omulandirira.

Wa Tainá ululu ndinalipiriratu pakhomo.
Wa Otávio ndinatenga pangongole,
ndipo mwini ngongole anafika mawa lake, m'mamawa.
Kutsokomola, mpeni. Kuseka, mpeni.
Kudzuka pabedi, msonkhano wa anthu atatu.
Namwino tsiku lililonse: mayi, mwatulutsa mpweya?
Tsiku lomwe unatuluka wodi yonse inandiombera m'manja.

Masitepe awa ukuwaonawa, makumi asanu ndi atatu,
mchimwene wako ndi Seu Adeildo anandikweza pampando wapulasitiki
ngati chifanizo cha woyera pa tsiku la chikondwerero,
anthu ali m'mawindo.
Azakhali ako anayang'ana mwana, anayang'ana ine,
nati, uyu ndiye sunabereke, achita kukutulutsira.
Ndikanawayankha, koma kukuwa kumafuna mimba.

Chimene chinandiliza si ulusi ayi.
Ndi Tainá, wa zaka ziwiri, atakweza timanja,
akuti nyamule, nyamule,
ine ndikumuuza kuti mawa,
mawa lakelo n'kutenga masabata asanu ndi limodzi.

Chipsera chilipo, taona, pansi pa mchombo apa.
Mbali iyi ndi yadzanzi, ukhoza kutsina.
Kukamachita mitambo chimayabwa.
Otávio amayendetsapo kagalimoto kake,
amati ndi msewu umene anadzera.
Tainá alibe msewu woti aloze,
amachita nsanje, amafunsa wake uli kuti.

Ndiye chowawa n'chiti?
Ukandifunsa ndikuyetsemula ndikuuza china,
ukandifunsa ndikukwera phirili ndi ndowa ndikuuza chinanso.
Ine sindinasankhe, anasankha ndi ana.
Wakoyo akugunda, ndikuona deresi likugwedezeka.
Longedza makabudula aakulu, ofika pamwamba pa mchombo,
ndipo amene angakufunse kuti wabereka bwanji
umupatse zovala akachape.

Ndigwire dzanja, dzuka pang'onopang'ono.
Yayamba kudontha. Tola zopanira zagwazo.
Ayi, siya, ndawerama kale.