Kuwerenga Minga

Thanki yagalasi ili pawindo kwathu ku Chiputula,
pomwe kale pankakhala wailesi.
Kansombako kanabwera m'chigubu cha mafuta ophikira
ndi Gomezgani, kondakitala wa minibasi ya ku Nkhata Bay:
kutalika ngati chala changa chamkombaphala,
kukamwa kosongoka ngati sizasi ya telala.
"Ndi mcheni," anatero, nathamangira kudepoti.

Dada anaseka mpaka kutsokomola.
"Mcheni ndi mfunda chabe, mwanawe.
Ukati Mhone, Mhone wake uti?"

Zaka makumi awiri akuyeza nsomba ku ofesi ya zausodzi,
lero ng'ala yawaphimba, saona ngakhale madziwo.
Ndiye maso ndine.

"Nsagwada yam'munsi yapitirira yam'mwamba?"
Yapitirira pang'ono.
"Kakatseka pakamwa mano akuoneka?"
Awiri. Kapena atatu.
"Mzere wam'nthiti?"
M'mawa unalipo, Dada. Pano wazilala.
"Werenga minga ya pamsana."

Ndimafika khumi ndi iwiri, iko n'kutembenuka.
Ndimayambanso. Iko n'kupinda chipsepse
ngati mayi wobisa ndalama pansonga ya chitenje.

Tinaikamo timatemba tisanu ta mu Lunyangwa
kuti kasasungulumwe.
Lachitatu tinali titatu.
Loweruka kanali kokha, kali duu pakati pa madzi,
osaphethira, osapepesa.
"Khalidwe talidziwa," anatero Dada. "Dzina likubwera."

Magetsi akathima thovu limaleka.
Chifunga cha Juni chimalowera pansi pa chitseko,
Dada n'kuvula bulangeti lawo kufunditsa thanki,
ine n'kumatunga madzi ndi kapu, kuwathiranso chapatali
kuti mlendo wopanda dzina apume.
M'kope mwawo ndalemba maina awiri achilatini
ndi pensulo, kuti lina ndidzafufute.

Usiku wadzulo ndinawapeza ataima mumdima,
chikhatho chili pagalasi, milomo ikuyenda.
Kansomba kanali kataima moyang'ana dzanjalo,
chipsepse chonse chili njoo,
zomwe sikanandichitirepo ine.
Ndinayatsa tochi ya foni. Ndinawerenga.
Ndinabwereza, nambala yomweyo.

M'mawa uno, tiyi ali m'manja, afunsanso:
"Temwanani, minga ija?"
Ndayang'ana mpando wawo womwe ausendeza kufupi ndi windo,
ndevu zomwe ayambanso kumeta
chibwerere chigubu chija.

Kanatembenuka, Dada, ndatero.
Tiyesanso mawa.