Zilembo za Pansi pa Nyanja, ku Tromsø

Dzuwa linatisiya mu Novembala.
Kunja kuli bii ngakhale wotchi ikuti masana,
chipale chofewa chakwirira njinga ya Eilert mpaka chishalo,
ndipo ine ndakhalira zilembo mazana awiri ndi makumi anayi
za puloteni ya kachilombo kamene tinavuula
m'matope a pansi pa nyanja, kuseri kwa Kvaløya.
Kalibe dzina. Tinangokapatsa nambala.

Ndazindandalika pansi pa mizere ya maenzaimu odziwika kale:
ya m'kapamba wa ng'ombe, ya nkhanu,
ya nsomba zimene bambo anga ankasodza.
Kompyuta ikukankha mzere uwu, kusiya mpata apo,
gweru m'kamwa mwa mawu.
Zambiri sizikugwirizana. Zaka mamiliyoni
zinafufuta, zinalemba pamwamba, zinang'amba tsamba.

Koma pena mizere yonse imayankhula pakamodzi.
H pamalo pake. D pamalo pake.
Kenako G, D, S, G, G,
ndipo S wapakatiyo ndiye kukamwa kwa mpeni.
Ng'ombe ndi nkhanu zimakumana pamenepo.
Chibale ndi fupa, sichiola.

Yangayi ili ndi H. Ili ndi D.
Pofika pa S, pali A.
Ndawerenga katatu, khofi wazizira.
Eilert wasuzumira, akuti,
"Ndiye kuti sidula kanthu imeneyo. Chikhungwa chabe."
Wavala jekete, wathamangira basi.

Ine ndakumbuka Lamulungu, kunyumba ya okalamba.
Bambo, amene anatha zaka makumi anayi pamadzi a ku Senja,
anandifunsa ngati ndine namwino watsopano.
Dzina langa linawagwera m'madzi kalekale.
Koma manja awo pabulangete
ankamanga mfundo ya ukonde:
chala chachikulu kupanikiza,
chamkombaphala kuzungulira,
kukoka, kukungitsa,
popanda chingwe.

Nanga kachilomboka kasungiranji chigumbu cha mpeni wobuntha
mumdima ndi kuzizira zaka zonsezi?
Cholemera chopanda ntchito chimatayidwa panjira.
Mwina puloteniyi imagwira china chake osachidula.
Kungochigwira basi.

Pamzere wofunsa ntchito yake
sindilemba kuti yakufa.
Ndalemba kuti sitinadziwe,
ndasaina, Torunn, ndi tsiku la lero.

Ndazimitsa magetsi.
Sitolo ya asodzi kudoko imatseka faifi koloko.
Ndikagula chingwe chobiriwira, mamita awiri.