Kavalo wa m'matope

Zuze anabwera nayo dzuwa lisanakwiye,
m'thumba la misomali ya njanji ndi masipoko a njinga.
Akuti anaitola ku Makhanga
pamene Ruo anafukula maziko a sitolo yakale.

Ine ndimagula zitsulo pa Bangula.
Za mbiri sindifunsa, ndimafunsa sikelo,
ndipo sikelo inangoti zii,
muvi osagwedezeka n'komwe.

Ndinaipukuta ndi malovu pa kabudula.
M'matopemo munatuluka kavalo
ataimika miyendo yakutsogolo
ngati waponda mchira wa ng'ona.

A Alufandika, amene anapuma uphunzitsi,
anakweza magalasi awo omanga ndi ulusi.
Jeremani, iwo anatero, 1923,
mamiliyoni makumi asanu.
Zuze anakhala pansi.

Usakhale, mwanawe, anaseka,
iyi ndi ndalama ya pangozi,
yosulidwa ndalama yeniyeni itayamba kusungunuka
ngati ayezi wa m'botolo pa Okutobala.
Munthu ankalandira malipiro n'kuthamanga,
pofika pa buledi, buledi wasamuka.

Ine sindinaseke.
Dzulo lomweli Dorika anapita kukagula shuga
ndi mapepala odzaza chikhatho,
n'kubwera ndi kapepala komata,
kotsala pang'ono kukwana supuni zitatu,
mathirakitala a nzimbe za ku Nchalo
akutithira fumbi pakhomo.
Mlamba wa m'mawa ndi mlamba wa madzulo
ndi nsomba imodzi, mitengo iwiri.

Ndiye kunalinso wina, kutsidya kwa nyanja zonse,
wovala chikhoti, mpweya ukufuka m'kamwa,
amene anawerenga maziro ngati ine,
nawerenganso,
poganiza kuti walakwitsa ndi iye.

Kaya anabwera nayo ndani kuchigwa kuno.
Mwina wansembe, mwina womanga mlatho wa Chiromo,
mwina anaisunga kuti azidzaseka nayo
kapena kuti asadzaiwale.

Mundipatsa zingati? anafunsa Zuze.
Ndinampatsa faifi handiredi.
Mamiliyoni makumi asanu, faifi handiredi:
mpaka pano sindidziwa anabera mnzake ndani.

Usiku mwera unakanganula lata la kuchipinda,
bowo la msomali litakula ngati diso la mbuzi.
M'mawa ndinaboola kavalo uja pamimba
n'kumukhomera padenga.

Wagwira.
Mvula ya Lachinayi inadutsa, ana ali gone,
ndipo kavalo akadali pomwepo, miyendo m'mwamba,
kusunga lata limodzi.