Kamlomo

Lachiwiri, chipale chikugwa pa Gdańsk,
bambo Zdzisław analowa m'sitolo mwanga
atapanira ndudu yamagetsi ndi zala ziwiri
ngati khoswe wakufa.
"Mtsikana iwe, chinthu ichi n'chabodza.
Anandigulira ndi mwana wanga, koma sitikumvana."

Zaka makumi anayi akuwotcherera zitsulo padoko,
zaka makumi anayi ndudu ili pakona pa mlomo,
mpaka dokotala anawaonetsa chithunzi cha mapapo awo
iwo n'kufunsa ngati imeneyo ndi mitambo ya mvula.

Ndinayang'ana thanki: sinkadontha.
Batire lodzaza, waya wosapserera.
Ndinagwira kunsonga, n'kusolola kamlomo, phu!
Maso awo tong'o. "Wathyola!"
"Sindinathyole, bambo. Kamachoka. Anakapanga choncho."

Ndinakoka dirowa yachitatu
mmene timilomo timagona m'mizere,
tagalasi, tamtengo, tachitsulo, tina tamawangamawanga.
Kawo kanali kachibowo chachikulu, khomo la mkuntho,
ka anyamata omeza mtambo wonse m'chifuwa
n'kukaulavula podikirira basi kuti awaone.
Munthu wa ndudu safuna zimenezo.
Amafuna kukoka movutikira pang'ono,
nthunzi iime kaye m'kamwa, ichite odi,
kenako itsike.

Ndinawaikira kopapatiza, kachitsulo.
Anakoka. Anatsinzina.
Analipira, natuluka osatsanzika.

Lachisanu anabweranso, mlomo utasupuka.
Chitsulo sichidziwa mbale wake:
m'nyumba chimatentha, panja pachisanu chimamata khungu.
"Ine wazitsulo ndiye chandiluma chitsulo,"
anatero, akuseka ndi theka la kamwa.
Ndinawapatsa kapulasitiki wakuda, katali ndithu,
kuti nthunzi iyende kaulendo, ifike itapola,
ndi timadzi totentha tisamathethekere lilime.
Atafuna kulawa madzi onunkhira maapozi
pa thanki yoyesera ya pakauntala,
ndinaivala kamlomo kamphira, kotaya ukatha,
pakuti thanki imeneyo ndi ya aliyense wolowa
koma malovu ali ndi mwini wake.

Kapulasitiki kanakhala milungu iwiri.
Anakatafuna mpaka kuphwatalala.
Kagalasi kanagwa m'bafa, n'kumwazika.
Kamtengo anati kakununkha kabati.
Ndinayamba kuganiza kuti vuto si kamlomo,
kuti munthu uyu akulira maliro a ndudu
ndipo m'dirowa yanga mulibe mankhwala a zimenezo.

Mwezi wathunthu osaoneka.
Ndinati basi, abwerera ku paketi ndi machesi.

Chipale chitasungunuka, misewu ili thapsa,
chitseko chinalira.
Anatulutsa kansalu m'thumba la jekete, nakafunyulula.
Munali kaliwo wa bambo awo, wodukaduka,
ndi kachidutswa kachikasu ngati uchi wouma,
utomoni uja nyanja imalavula pamchenga kuno.
Anali atadula kumapeto kwa kaliwoyo,
atakasema pamakina a mnansi wawo Mieczysław,
atalemba timizere tiwiri tolowamo mphira.
"Ndipatse timphete tiwiri. Muyeso ndatenga kale."

Ndinaveka timphete. Ndinakankha.
Kanalowa thi, osagwedera.

Chapansonga panali timaenje tiwiri,
pamene mano a munthu womwalira kalekale
ankapumira madzulo akaweruka.
Bambo Zdzisław anaika mano awo pomwepo.
Anakwana.

Sindinawauze kuti achira, si zoona zimenezo,
amatsokomolabe akakwera masitepe anga atatu.
Ndinangowauza kuti azikachotsa Lamlungu lililonse,
azikatsuka m'madzi ofunda, osati otentha,
chifukwa utomoni umachita manyazi ndi moto.

Thanki yawo inachokera kutali, m'bokosi,
pamodzi ndi zinzake zikwi zofanana nayo.
Chaka chamawa idzasweka, adzagula ina.
Adzasolola kachikasu kaja, phu,
n'kukasamutsira kunyumba yatsopano.

Anaima pakhomo, nakoka kamodzi, pang'onopang'ono.
Kanthunzi kochepa kanakwera, kununkha maapozi.
"Bambo anga akanati ndikusuta chipatso," anatero,
n'kuwoloka msewu kulowera kudoko.