Wotchi ya Pachifuwa

Ku Kozhikode mvula yagwa masiku anayi osakata.
Pakhomo la wodi pali maambulera onyowa
ndi nsapato za eni ake amene akudikira mkati.
Ntchito yanga ndi yochepa:
wotchi pachifuwa, cholembera, pepala la mizere.
Dokotala Sreelatha amagoneka anthu,
ine ndimawerenga mphindi mpaka abwerere.

Woyamba anali Velayudhan, wothyola kokonati,
phewa litaguluka pogwa mumtengo.
Envelopu yake inati puropofolo.
Woyera ngati mkaka, koma amaluma polowa mumtsempha.
Mkuluyo anayamba kutukwana dzanja lake lomwe,
mawu ali pakati, tulo.
Magazi anafooka kuthamanga,
dokotala anatsegulira diripi osachotsa diso pa makina.
Mphindi zisanu ndi imodzi, maso gwa pa ine:
"Chikwanje changa wasunga ndani?"
Dzina akulidziwa, tsiku akulidziwa. Ndinalemba.

Mnyamata Anandu wa mkono wothyoka
anagwera tayopentoni, ufa wachikasu wosungunula m'madzi,
mankhwala amene aphunzitsi a dokotala ankalumbirira.
"Mkamwa mukumveka adyo," anatero, nagona.
Kudzuka anadzuka msanga,
koma madzulo miyendo inali idakali ya wina,
bambo ake atamugwira m'chiuno,
ndipo basi yomaliza ya ku Wayanad inawasiya.

Ndiye Suhara. Chithupsa m'khwapa, thupi lotheratu.
Envelopu inati ketamini.
Maso ali tong'o, akuyenda uku ndi uku, mwini wake kulibe.
Mtima unagunda mwamphamvu ntchito yonse,
dokotala sanagwire diripi n'komwe.
Koma pobwerera anadzera njira yaitali:
malovu pa pilo,
manja kukankha chinthu chimene ine sindimachiona,
akuti denga lasanduka nsalu yonyowa,
akuti amayi ake,
amene anaikidwa kalekale ku Ponnani,
akhala kumutu kwa bedi, akumupesa tsitsi.
Ndinazimitsa getsi limodzi. Ndinasiya kumuitana dzina.
Mphindi makumi atatu ndi imodzi.

Papepala pali funso: Maloto oipa? Inde, ayi.
Ndinamufunsa.
Misozi inatsikira m'makutu, nati,
"Sanali oipa. Mwandidzutsiranji?"
Kabokosi ka mawu amenewo palibe.

Mwezi ukatha dokotala adzaphatikiza manambala anga,
anthu makumi asanu ndi anayi,
adzanena kuti wofulumira ndi uti,
wosanzitsa ndi uti, wosunga mtima ndi uti.
Sadzanama. Wotchi yanga sinama.

Velayudhan anapita masana, akudya nthochi yokazinga.
Suhara anatuluka mdima utagwa.
Pakhomo, asanatsegule ambulera,
analowetsa zala pansi pa mpango,
nagwira tsitsi lake pang'onopang'ono,
kuona ngati lidakali lopesedwa.
Ine ndinachonga "ayi", n'kupita kukatsuka manja.